Diso la Wodwala Shuga Lipimidwe Lisanayambe Kuvuta

Pakati pa anthu ogwira ntchito m'maofesi a Boma ndi m'masukulu, nthenda ya shuga siilinso yachilendo. Nkovuta kupeza ofesi kapena sukulu yaikulu kumene kulibe munthu mmodzi kapena awiri amene amakana shuga mu tiyi, amamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, kapena amadzibaya insulini asanapite kuntchito. Ambiri mwa iwo amadziwa kuti nthendayi imaononga impso, imachedwetsa kupola kwa zilonda za kumapazi, ndiponso imafooketsa mtima. Koma za maso amaziganiza mochedwa, kawirikawiri tsiku limene mizere ya m'kaundula yayamba kuoneka yokhota, kapena pamene utsi wakuda wayamba kuyandama patsogolo pa diso limodzi. Tsono pofika tsiku limenelo nthenda ya m'diso imakhala itapita kale patali. Chiyambi chake chinachitika zaka zingapo m'mbuyomo, mwakachetechete, ndipo chikadatha kuoneka pa chithunzi cha mkati mwa diso munthuyo akali kupenya bwinobwino.

Kuti nkhaniyi ndi yaikulu, chiwerengero chikuchitira umboni. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera kuti m'chaka cha 2021 akuluakulu odwala shuga pa dziko lonse lapansi anali 537 miliyoni, ndipo mwa iwo 24 miliyoni anali a m'maiko a Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara, kumene oposa theka sankadziwa nkomwe kuti akudwala. Muno m'Malawi, kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Koma chiwerengero chimene chiyenera kumuimitsa munthu ndi ichi: madotolo anapima maso a odwala shuga 357 a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2014, zinasonyeza kuti theka la iwo anali kale ndi zizindikiro za kuonongeka mkati mwa diso, ndipo 29 mwa 100 alionse anali atafika pa mlingo woopseza kupenya. Anthuwo sanasankhidwe chifukwa chodandaula za maso; anali odwala shuga wamba obwera kudzalandira mankhwala awo.

CHIMENE SHUGA AMACHITA M'DISO

Diso limagwira ntchito monga kamera. Kuwala kumalowa pa mwanadiso, kumapyola kagalasi kamene kali kumbuyo kwake, nkukagwa pa kansalu kopyapyala koyalidwa mkati mwa diso kumbuyo kwenikweni, kamene madotolo amakatcha retina. Kansaluka nkochindikala monga mapepala awiri kapena atatu okha, komatu ndi pamenepo pamene kuwala kumasandulika uthenga wopita ku ubongo. Pakati pake pali kamalo kakang'ono kotchedwa macula, ndipo ndi kameneko kamene kamamuchititsa munthu kuwerenga kalata, kuzindikira nkhope ya mnzake ndi kulowetsa ulusi m'singano. Mbali zina zonse za retina zimathandiza kuona za m'mbali ndi kuyenda mumdima.

Popeza retina imagwira ntchito kosalekeza, imafuna magazi ambiri, ndipo imadyetsedwa ndi timitsempha tating'ono kwambiri, tina topapatiza kotero kuti timaselo tofiira ta magazi timadutsamo kamodzikamodzi, monga anthu pa ulalo wa mtengo umodzi. Kunja kwa timitsempha timeneti kuli timaselo tina totikulunga ndi kutilimbitsa, monga momwe luzi limalimbitsira mtolo. M'chaka cha 1961 David Cogan ndi Toichiro Kuwabara a ku Boston anaonetsa kuti mwa odwala shuga timaselo tolimbitsa timeneti timafa msanga. Zikatero khoma la kamtsempha limafooka nkutupa kathumba, monga momwe chubu cha njinga chimatupira pamalo pamene chatha. Kathumba kotereko nkakang'ono, kawirikawiri kosaposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo pa chithunzi kamaoneka ngati kadontho kofiira. Kadontho kameneko ndiko chizindikiro choyamba chimene kamera wamba imatha kuchigwira.

Shuga akapitirira kukwera zaka ndi zaka, timathumbato ndi timitsempha tofooka timayamba kuchucha. Magazi otuluka amaoneka ngati timabanga tofiira; mafuta otsalira pamene madzi aphwa amaoneka ngati timiyala tachikasu; ndipo pamene kamtsempha katsekeka kotheratu pamabuka kabanga koyera kofanana ndi kachidutswa ka thonje. Madzi akadzaza pa macula malowo amatupa, ndipo mizere yowongoka imayamba kuoneka yokhota. Potsiriza, retina yosowa magazi imatulutsa mankhwala oitanira mitsempha yatsopano, koma mitsempha yomera motere ndi yofooka: imaphulika nkudzaza diso ndi magazi, kapena imasiya zipsera zimene zimakoka retina nkuisuntha pamalo pake. Apa ndipo pamene khungu limagwa, nthawi zina m'tsiku limodzi lokha.

CHIFUKWA CHAKE MWINI DISO SADZIWA

Munthu angafunse kuti zonsezi zichitika bwanji m'diso mwini wake osamva kanthu. Zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba, retina ilibe minyewa yomvera ululu, kotero kuti ingathe kuchucha magazi popanda kupweteka kapena kuyabwa. Chachiwiri, malinga macula sanakhudzidwe, munthu amawerenga zilembo zing'onozing'ono monga kale, ngakhale pamene mbali zina za retina zaonongeka kwambiri. Alipo anthu amene mitsempha yoopsa ija inamera kale, koma pa bolodi la kuchipatala amawerenga mpaka mzere wapansi. Chachitatu, maso ali awiri, ndipo limodzi likayamba kufooka linzake limabisa mlanduwo, kufikira tsiku limene munthu atseka diso labwinolo mwangozi nkuzindikira kuti linalo linasiya kale ntchito.

Akuluakulu akale anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo diso la wodwala shuga lingathe kukhala chomwecho: loyera ndi lowala kunja, pamene mkati likutha. Apa ndipo nthendayi isiyana ndi ng'ala, imene anthu aizolowera. Ng'ala ikakhwima imaoneka ndi aliyense, pakuti mwanadiso amayera. Ndiponso dotolo akachotsa kagalasi kochita chifunga nkuika kena, kupenya kumabwerera. Koma retina ikafa palibe ina yoika m'malo mwake. Chifukwa chake nthenda imeneyi iyenera kufunidwa dala, pakuti kuilinda kuti idzionetse yokha ndiko kuilola kuti ipambane.

MMENE ANTHU ANAPHUNZIRIRA KUONA MKATI MWA DISO

Kufikira pakati pa zaka za m'ma 1800, mkati mwa diso la munthu wamoyo munali mdima kwa madotolo onse. M'chaka cha 1851 Hermann von Helmholtz wa ku Germany analengeza kachipangizo kounikira m'diso kupyolera pa mwanadiso, ndipo patangopita zaka zochepa Eduard Jaeger wa ku Vienna anajambula pamanja timabanga timene anationa m'diso la wodwala shuga. Masiku amenewo nkhaniyi sinali yaikulu, chifukwa ana ndi achinyamata odwala shuga ankamwalira maso asanaonongeke. Zinthu zinasintha pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini ku Toronto mu 1921, ndipo odwala anayamba kuilandira mu 1922. Moyo wawo unatalika, ndipo m'zaka zotsatira madotolo anayamba kuona anthu ambiri amene anapulumuka imfa koma akutaya maso.

Kamera yojambula mkati mwa diso inayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Carl Zeiss mu 1926. Ubwino wa chithunzi ndi wakuti chimakhala: dotolo wounika ndi tochi amaona nkuiwala, koma chithunzi cha chaka chino chingaikidwe pambali pa cha chaka chatha, ndipo kadontho katsopano sikangabisale. Mu 1961 anyamata awiri ophunzira udotolo ku Indiana, Harold Novotny ndi David Alvis, anasonyeza kuti utoto wowala ukabayidwa mu mtsempha wa pamkono umafika m'diso m'kamphindi, ndipo kamera imatha kuona paliponse pamene pakuchucha ndi paliponse pamene magazi sakufika. Kenaka mu 1968 akatswiri anasonkhana ku Airlie House m'chigawo cha Virginia, ku America, nagwirizana za mlingo umodzi woyezera kukula kwa nthendayi pa zithunzi, kuti dotolo wa dziko lina ndi wa dziko lina azilankhula chinthu chimodzi. Milingo imene ikugwira ntchito lero inachokera pamenepo.

ZIMENE MAKINA ATSOPANO AONETSA

Mu 1991 David Huang, James Fujimoto ndi anzawo a ku Massachusetts Institute of Technology analengeza njira ina yotchedwa OCT. Makina ake amatumiza kuwala kofooka m'diso ndi kuyeza kumene kwabwerera, nkujambula retina chambali, monga momwe munthu amaonera mizere ya dothi pa khoma la dzenje longokumbidwa kumene. Motero kutupa kwa macula kumayezedwa bwino lomwe, ngakhale pamene nkochepa koti diso la dotolo silingakuone. M'zaka za m'ma 2010 makina omwewo anawonjezeredwa nzeru yotsata kuyenda kwa magazi, kotero kuti timitsempha tating'ono timaoneka popanda kubaya utoto.

Makina amenewa aphunzitsa chinthu chimene kale chinkangoganiziridwa. Mwa odwala shuga ena amene chithunzi chawo wamba nchoyera, chopanda kadontho nkamodzi komwe, kwapezeka kuti mizere ya minyewa ya retina inayamba kale kupyapyala, ndipo timitsempha tina tozungulira pakati pa macula tinatsekeka kale. Kutanthauza kuti shuga amaononga minyewa pamodzi ndi mitsempha, ndipo amayamba ntchito yakeyo msanga kuposa momwe anthu ankaganizira. Komabe nkoyenera kunena mosabisa kuti makina otere ndi okwera mtengo, ndipo zizindikiro zoyambirira zoterezi sizifuna mankhwala a m'diso. Mankhwala ake ndi kusamala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pa ntchito yopima anthu ambiri, chida chenicheni chikali chithunzi wamba cha retina. Phunziro la makina atsopanowa kwa wodwala ndi limodzi lokha: chisamaliro cha maso chiyenera kuyamba tsiku lomwe shuga wapezeka.

PHINDU LA KUDZIWA MSANGA

Kupima kukadakhala kopanda pake chikhala kuti palibe chochita. Koma chochita chilipo, ndipo umboni wake ndi wolimba. Mu 1993 kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada wotchedwa DCCT, wa anthu 1,441 odwala shuga wa mtundu woyamba, anasonyeza kuti mwa amene maso awo anali asanakhudzidwe, kusunga shuga pafupi ndi mlingo wake kunachepetsa ngozi yoyamba nthenda ya retina ndi 76 pa 100. Mu 1998 kafukufuku wa ku Britain wotchedwa UKPDS, wa odwala shuga wa mtundu wachiwiri, anapeza kuti kutsitsa kuthamanga kwa magazi kunachepetsa kukula kwa nthenda ya retina ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Tsono munthu amene wauzidwa kuti m'diso mwake mwaoneka timadontho tiwiri kapena titatu sanauzidwe nkhani ya imfa ya maso. Wapatsidwa zaka zoti akonzere zinthu, ndi mapiritsi omwe aja amene ali nawo kale m'thumba.

Nthenda ikakula, thandizo lina lilipo. Gerd Meyer-Schwickerath wa ku Germany, ataona momwe dzuwa limatenthera retina ya anthu oyang'ana kadamsana, anaganiza zogwiritsa ntchito kutentha komweko pochiza, ndipo mu 1949 anayesa ndi kuwala kwa dzuwa padenga la chipatala ku Hamburg. Nzeru imeneyo ndiyo inabala chithandizo cha laser. Mu 1976 kafukufuku wa ku America anasonyeza kuti kutentha mbali za retina ndi kuwala kotere kumachepetsa ngozi ya khungu ndi kupitirira theka mwa anthu amene mitsempha yatsopano yamera. Masiku ano kulinso mankhwala obaya m'diso amene amaphwetsa kutupa kwa macula, ngakhale kuti amafuna kubwereza kangapo ndipo ndi odula. Koma njira zonsezi zili ndi malire amodzi: zimateteza kupenya kumene kwatsala koposa kubweza kumene kwapita. Wofika msanga amasunga zambiri. Wofika diso litadzaza magazi amafuna opaleshoni yovuta, imene akatswiri ake ndi owerengeka m'chigawo chino cha Africa.

PHUNZIRO LA KU ENGLAND

Kuti kupima anthu onse kumapulumutsa maso, maiko ena anaonetsa kale. Dziko la Iceland linayamba kupima maso a odwala shuga mwadongosolo mu 1980. Ku England ntchito yotere inayamba mu 2003, ndipo wodwala shuga aliyense wa zaka 12 kapena kuposa amalandira kalata yomuitana kukajambulidwa maso pa nthawi yake. Ojambulawo si madotolo a maso, koma anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyo yokha. Zithunzi zimawerengedwa ndi ena ophunzitsidwanso, ndipo kwa dotolo kumapita okhawo amene apezeka ndi vuto. Lipoti losindikizidwa mu 2014 linapeza kuti m'chaka cha 2009 mpaka 2010, kwa nthawi yoyamba m'zaka zosachepera 50, shuga sanalinso chifukwa chachikulu cha khungu mwa anthu a msinkhu wogwira ntchito ku England ndi Wales. Olemba lipotilo anatchula kupima maso ndi kusamala bwino shuga monga zinthu zimene ziyenera kuti zinathandiza.

Pali mfundo ina m'nkhani imeneyi imene ogwira ntchito m'Boma angaimvetse msanga kuposa ena onse. Kamera inalipo ku England zaka zambiri 2003 isanafike, ndipo laser inaliponso, koma anthu ankachitabe khungu. Chimene chinawonjezeka ndi kaundula: dzina la wodwala aliyense kulembedwa, tsiku lake lopimidwa kudziwika, wosabwera kulondoledwa, ndi wotumizidwa kwa dotolo kutsatidwa mpaka atafika. Imeneyi ndi ntchito ya kalaliki wokhulupirika monga momwe ilili ntchito ya dotolo, ndipo siifuna chuma cha ku Ulaya kuti iyambike.

Nzeru za kompyuta nazo zafika pa ntchitoyi. Mu 2016 akatswiri a kampani ya Google anasonyeza kuti kompyuta yophunzitsidwa ndi zithunzi zoposa 128,000 inatha kuzindikira nthenda ya retina pa mlingo wofanana ndi wa madotolo a maso, ndipo mu 2018 boma la America linavomereza makina oyamba opereka yankho okha popanda dotolo. Mu 2019 kunasindikizidwa zotsatira za kuyesa njira yotere pa zithunzi za odwala shuga a ku Copperbelt, ku Zambia, ndipo zinali zolimbikitsa. Makamera ang'ono onyamula m'manja, ena omangidwa pa foni, alipo tsopano. Komatu kompyuta siichiza, ndipo diso la ng'ala silijambulika bwino. Makinawo ali ndi phindu pokhapo pamene njira yochokera pa kamera kukafika kwa dotolo ili yotseguka.

ZA MUNO M'MALAWI

Luso loyang'ana mkati mwa diso si lachilendo m'dziko lino. Kunali ku Blantyre kumene Susan Lewallen ndi anzake anafotokoza mu 1993 zizindikiro za m'retina ya ana odwala malungo a mu ubongo, ndipo lero madotolo a maiko ambiri amaunika m'diso pofuna kutsimikiza nthendayo. Zipatala za maso za Lions zilipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, chipatala cha Nkhoma chili ndi mbiri yaitali pa za maso, ndipo zipatala zazikulu za Zomba ndi Mzuzu nazo zili ndi zigawo za maso. Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa achipatala oona za maso, ndipo Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri opima maso. Maziko alipo, chofunika ndi kulumikiza chipinda cha odwala shuga ndi chipinda cha maso, kuti wodwala asamatuluke m'chimodzi osadziwa kuti chinacho chikumuyembekeza.

Kafukufuku wa ku Blantyre ndi Zomba uja anaonetsanso chinthu chimene chikhudza dziko lino makamaka. Kuwonjezera pa kutalika kwa zaka zodwala, kukwera kwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, anapeza kuti kuchepa kwa magazi m'thupi kumayenda pamodzi ndi nthenda yoopsa ya retina. Izi nzomveka, pakuti retina imene timitsempha take tatsekeka imavutika kawiri ngati magazi ochepa ofikawo alinso osanyamula mpweya wokwanira. Chotero wodwala shuga amene zikhatho zake zayezuka ndipo amatopa msanga ayenera kupimitsa magazi, chifukwa potero akutetezanso maso ake.

Ena adzati dziko limene likulimbana ndi malungo, chifuwa chachikulu ndi HIV silingathe kusenzanso katundu wopima maso a anthu amene sakudandaula kanthu. Mawuwa si opusa, ndipo ndi zoona kuti kupima anthu popanda kokawatumiza ndi kungowaopsa chabe. Ntchitoyi iyenera kukula pamodzi ndi mphamvu ya zipatala zochiza. Koma mbali inayo iwerengedwenso. Nthenda ya retina imagwira anthu a msinkhu wogwira ntchito: mphunzitsi amene dziko linamuphunzitsa ndi ndalama za msonkho, kalaliki wa zaka makumi awiri pantchito, mayi wodyetsa banja lonse. Munthu wotere akachita khungu amapuma ntchito nthawi yake isanakwane, banja limataya malipiro, ndipo kawirikawiri mwana mmodzi amasiya sukulu kuti azimutsogolera. Chithunzi chimodzi pachaka, chojambulidwa ndi namwino wophunzitsidwa pa tsiku lomwe odwala shuga amabwera kudzatenga mankhwala, nchotsika mtengo poyerekeza ndi zonsezo.

ZOYENERA KUCHITA

Malangizo a madotolo pa nkhaniyi ndi achindunji. Wopezeka ndi shuga wa mtundu wachiwiri, umene uli wa akuluakulu ambiri, apimidwe maso nthawi yomweyo, chifukwa nthendayi imakhala m'thupi zaka zingapo isanadziwike, ndipo ena amapezeka retina itayamba kale kuonongeka. Wa mtundu woyamba apimidwe pasanathe zaka 5 chipezekere nthenda. Pambuyo pake aliyense abwerere chaka ndi chaka, kapena pa nthawi imene dotolo wanena. Mayi wodwala shuga amene watenga pakati apimidwe miyezi yoyambirira, pakuti mimba ingathe kufulumizitsa nthendayi.

Kupimako sikupweteka. Kawirikawiri amadontheza mankhwala okulitsa mwanadiso, amene amayabwa pang'ono ndi kuchititsa kuti munthu aone mwachimbuuzi kwa maola angapo. Chotero tsiku limenelo asayendetse galimoto, njinga yamoto kapena yakapalasa, ndipo nkwabwino kupita ndi womuperekeza. Adziwenso kuti kuwerenga zilembo pa bolodi, kapena kuyesedwa magalasi, si kupimidwa retina ayi. Afunse ngati mkati mwa diso mwaunikidwa kapena kujambulidwa, ndipo zotsatira zake zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala pamodzi ndi tsiku lobwereranso. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: wodwala amene sanauzidwe za maso afunse yekha, mwaulemu koma mosaopa.

Pali misampha iwiri yoyenera kuipewa. Woyamba ndi magalasi a pamsika. Shuga akakwera kapena kutsika kwambiri, kagalasi ka m'diso kamasintha ndipo munthu amaona mwachimbuuzi kwa masiku angapo. Akagula magalasi nkuona bwino pang'ono amayesa kuti nkhani yatha, pamene retina sinayang'anidwe. Wachiwiri ndi zitsamba zodontheza m'maso, zimene sizingafike kumbuyo kumene kuli nthenda, koma zingathe kutentha kutsogolo kwa diso nkuwonjezera vuto pa vuto. Ndipo munthu akaona mwadzidzidzi timadontho takuda tambiri, utsi wofiira, kapena chinthu chonga nsalu chikuphimba mbali ya diso, apite kuchipatala tsiku lomwelo, osalinda malipiro a kutha kwa mwezi.

Akuluakulu a maofesi ndi a masukulu ali ndi gawo lawo. Wantchito wopempha tsiku limodzi pachaka kuti akapimitse maso apatsidwe mosavuta, pakuti tsiku limenelo lingapulumutse zaka khumi za ntchito yake. Aphunzitsi nawo ali ndi mwayi umene dotolo alibe: tsiku lililonse amayang'anana ndi ana makumi ambiri, ndipo m'makomo mwa anawo muli makolo ndi agogo odwala shuga amene sawerenga nyuzipepala. Pophunzitsa za diso m'kalasi, mphunzitsi awonjezere mawu awiri okha, kuti shuga amaononga diso mosapweteka ndi kuti kuchipatala amatha kuona zimenezi msanga, ndipo uthengawo udzafika m'midzi imene kamera siinafikebe.

M'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya maso a wodwala shuga zaka zoyambirira, pamene zonse zikuoneka bwino, ndizo zimagamula za zaka zotsiriza. Aliyense amene ali ndi nthendayi, kapena amene akusamala kholo kapena mnzake wodwala, atsegule kabuku ka kuchipatala lero lino nayang'ane tsiku limene mkati mwa maso munapimidwa komaliza. Ngati tsikulo mulibe, kapena lapitirira chaka, funso loyamba pa ulendo wotsatira wa kuchipatala likhale limenelo.